Mphunzitsi Wathu Kapena Wakunja?

Ku Chinyunyu ndi ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, okonda mpira sagwirizana pa za Chipolopolo. Ena amati kutsogolo kuyenera Patson Daka, ena amati Fashion Sakala. Koma mkangano waukulu uli pa mphunzitsi.

Ofuna wakunja amakumbutsa kuti Hervé Renard wa ku France ndiye anatitengera cikho ca Africa mu 2012. Anzao amayankha kuti Beston Chambeshi, mwana wa dziko lino, anapambana cikho ca anyamata osapitirira zaka 20 mu 2017, Daka ndi Sakala ali m'timu yomweyo.

Koma taonani, owerenga athu: Renard anayamba kuphunzitsa Chipolopolo mu 2008, ndipo cikho cinadza mu 2012, osewera atamzolowera. Kusintha mphunzitsi caka ndi caka n'kuzula mbeu isanazike mizu.