Napolo, Azotus ndi Achinyamata a ku Domasi

Mvula ikakhuthuka pa mapiri a Zomba ndi Malosa, mtsinje wa Domasi n'kuyamba kulirima, akuluakulu a m'chigwamo sanena za madzi okha ayi. Iwo amati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, wadzuka ndipo ali pa ulendo wonka ku nyanja ya Chilwa. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba, zinagumula milatho ndi nyumba, ndi kupha anthu. Kufikira lero anthu amati anali Napolo.

Mwana wokulira m'chigwa chotere safunika kuphunzitsidwa kukonda nkhani zodabwitsa. Iye anaziyamwira kubere. Chimene chimamsowa ndi buku.

Malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa pa Chancellor College, anazindikira zimenezi. Napolo anamlowetsa m'ndakatulo zake, ndipo m'chaka cha 2000 anatulutsa buku la The Wrath of Napolo. Pambuyo pake kunadza Shadreck Chikoti, amene m'malo mocheukira kumbuyo anapenya kutsogolo. Buku lake la Azotus the Kingdom linapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013 lisanasindikizidwe, ndipo linatuluka mu 2015.

Nkhani yake ichitikira mu Afirika wa zaka 500 zikudzazo. Mu ufumu wa Azotus munthu aliyense akhala yekha m'nyumba yake. Chakudya alandira, pogona alipo, makina amtumikira, koma kunja sakudziwa, mnansi alibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono Kamoto, mwini nkhaniyo, ayamba kufunsa mafunso amene eni ufumu safuna kuwamva. Mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza Folomu 4, ali pakhomo kudikira tsogolo, sadzavutika kumvetsa mtima wa Kamoto.

Komatu buku silidziyendera lokha. Likhoza kutamandidwa ku Lilongwe ngakhale kunja kwa dziko, koma wophunzira wa ku Songani osaliona ndi maso. Apa ndi pamene Domasi ali ndi udindo woposa malo ena. Pano pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a m'sukulu ndi kuunika mabuku ake. Pano palinso Domasi College of Education, kumene kumasulidwa aphunzitsi a sekondale. Mphunzitsi mmodzi akalikonda buku ali pa kolejipo, adzalitengera kwa ana mazanamazana.

Njira yake si yapatali. Mphunzitsi awerengere ophunzira mutu umodzi Lachisanu masana, alekezere pokoma penipeni, aone ngati Lolemba sadzamfunsa okha. Popeza bukuli ndi la m'Chingerezi, awalole kufotokozerana nkhaniyo m'Chichewa kapena m'Chiyao. Nawo otsiriza sukulu asonkhe ndalama, agule limodzi, azibwerekana. Mutu umodzi susenza denga.

Chatsala ndi ichi: mabuku onse awiriwa analembedwa m'Chingerezi. John Gwengwe, ndi Sikusinja ndi Gwenembe, anaonetsa kale kuti Chichewa chikhoza kusenza nthano yodabwitsa mpaka kukhala buku. Amene adzalembe ulendo wa Napolo m'chinenero cha agogo ake mwina lero ali pa benchi m'kalasi ina ku Domasi, kudikira mphunzitsi woti amuike buku m'manja.