Pakati pa sikelo ndi Sitandade 1: ana amene amasowa wowayang'anira

Chaka cha maphunziro chikayamba mu September, ana a zaka 6 a m'midzi yozungulira Lirangwe ndi Chileka amalowa Sitandade 1. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, choncho ambiri amalembetsa. M'kalasi limodzi mumapezeka mwana amene anabadwa masiku asanakwane, wina amene anagonekedwa ku Queen Elizabeth ndi malungo a muubongo, wina amene khutu lake lakhala likutuluka mafinya chaka chonse. Mphunzitsi sadziwa mbiri imeneyi. Ili m'buku la kusikelo, ndipo bukulo lili kunyumba.

Sikelo ndi ya ana onse osakwana zaka 5, koma katemera wambiri amatha mwana asanakwanitse zaka 2. Kuchokera pamenepo amayi ambiri amabwera mwa apo ndi apo, makamaka kukabadwa khanda lina. Sukulu za mkombaphala zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, pulayimale ili pansi pa unduna wa zamaphunziro, ndipo azaumoyo amaona ngati mbali yawo yatha. Zaka zimene mwana amaphunzira kulankhula bwino, kudikira nthawi yake ndi kusewera ndi anzake ndi zomwezo zimene palibe amene amamuona kawirikawiri.

Ana ofunika kuwalondola amadziwika. Kafukufuku wa DHS wa 2015–16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira. Palinso amene anabadwa osakwana makilogalamu 2.5, amene analandirapo chiponde, amene ali pa ma ARV, ndi amene akuleredwa ndi agogo okalamba kapena mayi wodwala matenda a nkhawa. Ochira malungo a muubongo ndi ofunika diso lapadera. Gretchen Birbeck ndi anzake analondola ana otere ku Blantyre, ndipo zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti pafupifupi mmodzi pa 10 alionse anadzayamba khunyu pambuyo pake, pomwe ena anatsala ndi mavuto a kulankhula, kuyenda kapena khalidwe. Kunyumba mwana wotere amangotchedwa wovuta kapena wosamva.

Funso ndi lakuti: kodi kumutumiza ku mkombaphala n'kokwanira? Kafukufuku amene Berk Özler wa ku World Bank anatsogolera anayesa zimenezi m'sukulu za mkombaphala 199 ku Balaka, Thyolo, Dedza ndi Nkhata Bay. Sukulu zina zinalandira zoseweretsa ndi zipangizo zokha. Kwina alezi anaphunzitsidwa. Kwina, pamwamba pa kuphunzitsa alezi, makolo nawonso ankakumana pagulu kuphunzira zolankhula ndi kusewera ndi ana awo. Patapita miyezi 18, ana a gulu lomalizali ndi amene anaposa anzawo pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anthu. Kuphunzitsa alezi okha kunasintha kaphunzitsidwe m'kalasi, koma pa anawo sikunaoneke kwenikweni. Mbali yowawa ndi iyi: pofika miyezi 36, ana ambiri atalowa pulayimale, kusiyana kuja kunali kutazilala.

Ena amawerenga zimenezi ngati umboni wakuti ntchitoyo inapita pachabe. Kuwerenga koyenera n'kwakuti kholo ndiye msanamira, ndipo maphunziro a makolo a miyezi yochepa sangachirikize mwana mpaka m'kalasi la ana oposa 100. Pamafunika munthu wobwerabwera pakhomo, ndipo m'mudzi munthu ameneyo ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa care group.

Ulendo wa pakhomo sufuna zipangizo zodula. Ngakhale chida choyezera kakulidwe ka ana cha MDAT, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anakonza kuno ku Malawi n'kufalitsa mu 2010, chimayang'ana zinthu zooneka ndi maso: kuyenda ndi kudumpha, kugwiritsa ntchito zala, chilankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Mwana wa zaka 4 kapena 5 afunsidwe dzina lake, atumidwe zinthu ziwiri motsatizana, apatsidwe khala ajambule pansi. Aitanidwe motsitsa mawu kuchokera kumbuyo, asakuona pakamwa. Mayi afunsidwe mosawaweruza: "Amayi, anthu achilendo amamva zimene mwanayu akunena? Anakomokapo chichokereni kuchipatala?"

Vuto likapezeka, kalata yotumiza ku chipatala chachikulu si mathero. Ku Thyolo, alangizi a zaumoyo ataphunzitsidwa za makutu pa ntchito ya Wakisa Mulwafu ndi anzake, ana 150 anatumizidwa ku Queen Elizabeth. Amene anafika anali 5 okha. Makolo anatchula ndalama zoyendera, mtunda, ndi kusamvetsa chifukwa chimene anatumizidwira. Lirangwe ili pafupi ndi Blantyre kuposa midzi yambiri ya ku Thyolo, koma ndalama ya minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera imasowabe. Kholo liuzidwe tsiku, khomo lolowera ndi chimene akachite kumeneko, ndipo mlangizi abwerenso patapita milungu iwiri kudzafunsa ngati anapita.

Zotsalazo ndi za kholo. Kucheza ndi mwana pophika ndi popita kumjigo, kumuuza nthano n'kumusiya aibwereze, kuwerenga naye miyala kapena zitsekerero za mabotolo. Aphunzire kupita kuchimbudzi yekha ndi kusamba m'manja ndi sopo. Adye kanthu asananyamuke, ngakhale kusukuluko kuli phala la Mary's Meals. Kwa ana owoloka msewu wa M1, kholo liyende nawo njirayo kangapo sukulu isanatsegulidwe.

Makolo ena amasunga mwana wopinimbira pakhomo chaka china ponena kuti akadali wamng'ono. Thupi lingachepe, koma zaka zakwana, ndipo kumuchedwetsa kumangomuchotsera chaka cha anzake ndi cha phala. Ndi bwino alowe, koma mphunzitsi adziwe. Wosamva bwino akhale kutsogolo. Za mwana wa khunyu, mphunzitsi auzidwe kuti matendawa sapatsirana, kuti akagwa amugoneke chammbali, ndipo asamuike supuni kapena chala m'kamwa. Za HIV n'zosiyana: kuulula ndi chisankho cha kholo, ndipo mlangizi asanene kusukulu popanda chilolezo chawo. Chimene angachite ndi kuthandiza banja kuika nthawi yomwera mankhwala pa ola limene silikumana ndi nthawi ya kalasi.