Buleki ya mafuta ikafewa, tulutsani mpweya

Alimi anzanga, njinga zina zilibe waya wa buleki koma kapaipi ka mafuta. Yanga idakana kuima pamtsetse nditanyamula thumba la chimanga. Chogwirira chinkangofika pahandulo chifukwa m'kapaipimo mudalowa mpweya. Pajatu mpweya umafinyika pomwe mafuta safinyika.

Pokonza, ndimayamba ndachotsa tayala ndi mapadi, poti mapadi akadontheredwa mafuta ngotaya basi. M'malo mwake ndimatsekerezamo kathabwa. Kenaka ndimamasula kabawuti ka pachogwirira, n'kukankha mafuta ndi jekeseni kuchokera kumunsi mpaka thovu litasiya kutuluka pamwambapo.

Koma chenjerani: Shimano ndi Magura zimafuna mafuta a mineral. Mafuta a buleki ya galimoto, a DOT, amaononga timipira ta m'kati. Werengani pachitsekerero musanathire.