Makaseti a 'Soldier' ndi Matafale: adaposa mnzake ndani?

Ganizani za bambo wa kwa Maseya yemwe walandira ndalama zodula nzimbe mchaka cha 1999. Akagula ufa, sopo ndi mabatire a wailesi, yotsala ikungokwana kaseti imodzi. Pamsika wa Nchalo pali ya Lucius Banda, pambali pake ya Evison Matafale. Atenge iti?

Lucius adali atatsogola kale. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chidatuluka mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi ukutha, ndipo nyimbo ya Mabala idakamba zomwe anthu ankangonong'onezana kuseri. Kenaka padabwera Down Babylon ndi Cease Fire. Chamba cha ku Balakachi chidakwezanso Billy Kaunda ndi chimbale chake cha Mwapindulanji.

Matafale wa ku Chileka adabwera mochedwa, koma Kuimba 1 idagwedeza mabala ndi maminibasi omwe. Iye sadakhalitse. Atangotulutsa Kuimba 2, adamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 November 2001, ndipo ntchito idatsala ndi Black Missionaries.

Pa kuchuluka kwa zimbale, Lucius, yemwe adatisiya mu June 2024, alibe mnzake. Matafale adafika pomwepo ndi ziwiri zokha, nkhani yosachitikachitika.

Koma wodya bwino nthawi zambiri sadali woimba. Ambiri ankagulitsa nyimbo zawo kwa O.G. Issa ku Limbe, pomwe kumidzi kaseti imodzi inkajambulidwa mobwerezabwereza mpaka mawu kuzilala, mwini wake osaonapo ngakhale tambala.