Mkwiyo wa pamsewu umayambira kunyumba

Ife amene timayenda mumsewu wa M2, kuchokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe mpaka paboma la Thyolo, timadziwa mavuto ake. Mathirakitala onyamula masamba a tiyi amayenda pang'onopang'ono, maminibasi amalimbirana okwera, akabaza amalowa paliponse, ndipo chiperoni chikagwa munthu saona patali. M'makona a m'minda ya tiyi kulakwirana sikulephera. Ambiri amangoliza hutala n'kumapita. Koma ena amatsika, kutukwana, kuswa galasi, mwinanso kumenya mnzawo. Kodi amenewa ndi anthu otani?

Jerry Deffenbacher, katswiri wa za maganizo ku Colorado State University ku America, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo mu 1994 iye ndi anzake anakonza mafunso oyezera mkwiyo wa madalaivala. Anapeza kuti opsa mtima msanga amathamanga kwambiri, amayandikira galimoto yakutsogolo mopitirira muyeso, ndipo kawirikawiri amakwera galimoto atakwiya kale. Msewu umangovundukula zimene munthu wanyamula mumtima.

Choyamba, munthu wotere amaona cholakwa chilichonse ngati chadala. Wakabaza akamudulira kutsogolo, saganiza kuti mwina amalewa dzenje, amati wandiderera. Chachiwiri, salola kugonja: kupitiriridwa ndi mnzake kwa iye n'kuchotsedwa ulemu. Chachitatu, amasunga mangawa, moti zimene zachitika pa Bvumbwe amakafika nazo ku Luchenza zikadali kumuwawa. Ambiri mwa ochita ndewuzi ndi amuna achinyamata, ndipo mowa, chamba ndi kusagona mokwanira zimafooketsa kudziletsa kwawo. Tisaiwalenso dalaivala amene akuthamangitsa ndalama yoti akapereke kwa mwini minibasi madzulo: kwa iye kuchedwa kulikonse ndi nsima ya ana.

Thupi nalo limalipira. Munthu akakwiya, adrenaline imathamangitsa mtima, BP imakwera, ndipo maso amangoona mdaniyo osati mwana amene akuwoloka msewu. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse.

Makhalidwe amenewa amayamba kuonekera pakhomo. Bambo amene amamenyetsa chitseko nsima ikachedwa sasintha akagwira chiwongolero. Choncho tisalole wachibale kunyamuka atangokangana, atamwa kapena asanagone mokwanira. Tinyamuke nthawi ikadalipo. Ana athu amene akuyamba kabaza tiwauze kuti kupepesa ndi dzanja sikuchotsa umuna.

Wina akatiputa pamsewu, tisabwezere mawu, tisatsike, ndipo akamatitsatira tilunjike kupolisi kapena pamalo a anthu ambiri, osati kunyumba. Akuluakulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Kunyumba akutidikira, ndipo winayo naye ali ndi omudikira.