Tisawasiye Pakhomo Abale Athu Oyenda pa Njinga

Chaka ndi chaka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, Achewa a kuno ku Mchinji amadutsa malire pa Mwami kunka ku Mkaika, m'dziko la Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ng'oma zimalira, gule amavinidwa, mitima imakondwa. Koma tifunsane: kodi mbale wathu woyenda pa njinga ya olumala timamsiya kuti? Kawirikawiri amatsala pakhomo. Ngakhale pa mabwalo athu a mpira ndi a magule kuno kwathu, iye akafika matayala amatitimira mumchenga, nangoona misana ya anthu oimirira.

Lamulo la Malawi la 2012, ndi lina limene linalowa m'malo mwake mu 2024, lidalamula kuti malo osonkhanira akhale ofikika kwa onse. Ntchito yake siyaikulu ayi. Pamene pali masitepe tiwumbepo chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono: chikakwera phazi limodzi, chitalike mapazi 12. Khomo likhale mapazi 3 m'lifupi, njira ikhale yolimba, ndipo mzere wakutsogolo tiwasungire iwowo.

Tiyambe chaka chino, mudzi ndi mudzi. Paja akulu adati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.