Mfuti Yaing'ono ndi Nyengo ya Njala m'Dziko la Kawinga

M'dziko la Mfumu Kawinga, m'boma la Machinga, miyezi yoyambira December kufikira March ndiyo miyezi yowawa. Chimanga cha m'nkhokwe chimakhala chitatha, cha m'munda chisanache, ndipo ndiwo zimasowa. Pa nyengo imeneyi amuna ambiri amaponya maso ku madambo a Nyanja ya Chilwa ndi ku tchire la m'tsinde mwa mapiri, kumene kuli abakha, atsekwe, nkhanga, nkhwali ndi akalulu. M'chaka cha 2024, pamene Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'tsoka la chilala, Machinga ndi Balaka anali m'gulu limenelo. Mphunzitsi kapena kalaliki wokhala kumudzi akaona zotere amayamba kulingalira zogula mfuti yaing'ono yoti izimpezera ndiwo. Asanatulutse ndalama zake, munthu wotere ayenera kudziwa mfuti imene igwirizana ndi malo ake, ndiponso zimene lamulo lifuna kwa iye.

GOGODELA ANATHA NTHAWI YAKE

Mfuti si mlendo m'dera limeneli. M'zaka za m'ma 1800 Ayao a malonda anali kubwera nazo kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere, posinthanitsa ndi minyanga ya njobvu ndi akapolo. Kawinga wa masiku amenewo anamanga linga lake pa phiri la Chikala, nabweza asilikari a Boma la Angerezi m'chaka cha 1891, kufikira linga linagwa mu February 1895. Mfuti za nthawi imeneyo zinali za gogodela, zothira onga ndi chipolopolo cha kukamwa.

Gogodela akalipobe m'midzi ina, koma sayenera munthu wofuna ndiwo. Onga wake amayesedwa ndi maso, ndipo ukachuluka mpope umaphulika m'manja mwa mwini wake, makamaka ngati unasulidwa ku chitsulo cha paipi. Onga ukanyowa sugwira moto, chikhalirecho nyengo ya njala ndiyo nyengo ya mvula. Zilinso chimodzimodzi ndi mfuti za nkhondo, monga AK-47, zimene zinadutsa malire pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique imene inatha m'chaka cha 1992. Kusunga mfuti yotere ndi mlandu waukulu, ndipo chipolopolo chake chikalasa kalulu chimangosiya ubweya ndi mafupa osweka.

MFUTI YA .22

Mfuti imene alenje a maiko ambiri amaikhulupirira pa nyama zazing'ono ndiyo ya .22. Dzinali lichokera pa kukula kwa chipolopolo chake, chimene m'mimba mwake ndi magawo 22 mwa magawo 100 a inchi. Chipolopolo chofala cha mtundu umenewu chinayamba kupangidwa ku America m'chaka cha 1887, ndipo mtovu wake sufika magalamu 3 polemera. Mfutiyi sikankha phewa, kulira kwake nkochepa, ndipo zipolopolo zake nzotsika mtengo koposa za mfuti zinzake. Kalulu kapena nkhanga yoima pa mayadi 50 imagwa ndi chipolopolo chimodzi, nyama yake yosaonongeka. Nzopepukanso kunyamula, pakuti chipolopolo chimodzi cha chifefe chachikulu chilemera ngati 12 za .22.

Koma kuchepa kwa mfutiyi kumanyenga anthu. Chipolopolo chake chikaphonya chikhoza kuyenda mtunda wopitirira mailo imodzi chikali ndi mphamvu yopha munthu. Chikagunda pamwamba pa madzi chimanjanja monga mwala wa phanthiphanthi woponyedwa ndi mwana, nkulowera kumene mlenje sanalinge. Chigwa cha Chilwa nchosalala, chopanda chitunda choimitsa chipolopolo; m'bango ndi m'njedza mumakhala asodzi osaoneka, m'minda ya mpunga muli akazi olima, ndipo ku dambo kuli ana oweta ng'ombe. Chotero mfuti ya .22 malo ake ndi ku mtunda, kumene kuseri kwa nyama kuli chulu kapena phiri. Siyenera kulozedwa pa madzi, kapena pa mbalame yokhala pa nsonga ya mtengo. Ilibenso mphamvu yokwanira nguluwe: imangoivulaza, ndipo nguluwe yovulala imatembenukira mlenje.

CHIFEFE CHACHIKULU NDI CHACHING'ONO

Mfuti ya ku dambo ndiyo ya chifefe. Imatulutsa timibulu tambiri ta mtovu timene timamwazika potuluka, nchifukwa chake ikhoza kugwetsa bakha ali mkuuluka. Chifefe chachikulu, cha nambala 12, chimapha bwino kufikira mayadi 35 kapena 40, ndipo timibulu tating'ono ta mbalame timagwa pansi tisanapitirire mayadi 300. Apa mpamene chiposa .22 m'dziko la anthu ambiri, ngakhale kuti pafupi nchoopsa koposa. Kuipa kwake ndi mtengo. Munthu amene waombera kawiri kuti aphe nkhwali imodzi wadya ndiwo yodula kuposa ya pa msika wa Ntaja.

Chilipo chifefe chaching'ono, cha .410, chopepuka ndi chosakankha kwambiri. Timibulu take ntochepa, ndipo kupitirira mayadi 25 sichidalirika. Chifuna munthu wodziwa kuyandikira nyama mwakachetechete.

M'zaka za m'ma 1950 gulu la nkhondo la ndege la ku America linaganizira za woyendetsa ndege amene wagwa m'chipululu, nilimpatsa mfuti yopinda yochedwa M6. Inali ya mipope iwiri: wa pamwamba wa chipolopolo cha .22 Hornet, wa pansi wa .410. Akatswiri amenewo, ngakhale anali ndi zida za mitundu yonse, anasankha mfuti yaing'ono. Komabe woyendetsa ndegeyo anali munthu mmodzi m'dziko lopanda anthu, woyembekeza kupulumutsidwa patapita masiku owerengeka. Njala ya kwa Kawinga imakhala miyezi, ndipo anthu oyang'ana tchire limodzimodzilo ndi zikwizikwi.

ZIMENE LAMULO LIFUNA

Walira mvula walira matope. Lamulo la mfuti la m'chaka cha 1967 liletsa munthu ali yense kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo chochokera ku Polisi. Chiphaso cha mfuti si chiphaso chosakira. Kusaka kuli pansi pa lamulo lina, la nkhalango za nyama ndi nyama za kutchire, la m'chaka cha 1992, ndipo ziphaso za mbalame ndi za nyama zimaperekedwa ndi Dipatimenti yoyang'anira nyamazo. Lamuloli linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, kotero kuti wopha nyama zotetezedwa kwambiri, monga njobvu ndi chipembere, akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30.

Nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire pakati pa Machinga ndi Balaka, njoletsedwa kwa mlenje ali yense, ngakhale wa ziphaso zonse. Chiyambire 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi Boma, nkhalangoyi inazingidwa ndi mpanda ndipo makhwekhwe a waya oposa 30,000 anachotsedwamo. Wa nchito ya Boma wopezeka m'menemo ndi mfuti aika pa chiswe ufulu wake ndi nchito yake yomwe, ndipo banja limene anafuna kulidyetsa ndilo limatsala pa njala.

NKHOKWE YA MBALAME

Pa Chilwa mbalame zambiri sizifa ndi mfuti, koma ndi misampha ndi ulimbo. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinali kugwidwa chaka chiri chonse, makamaka m'miyezi ya mvula, imene ilinso nthawi yoswana mbalame zambiri. Nyanjayi ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi 1995, matemba amasowa ndipo asodzi amasanduka osaka mbalame. M'chaka cha 1996 Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo pambuyo pake osaka mbalame anapanga magulu ao, naika malo opatulika ndi miyezi yoleka kusaka. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mwini mfuti amene aombera bakha wofungatira mazira wapha ndiwo za chaka chamawa za anthu osauka kuposa iye, amene alibe malipiro a pa mwezi. Ngakhale mtovu wophonya uli ndi mlandu wake, pakuti abakha amaumeza pofunafuna chakudya m'matope nafa nao pang'onopang'ono.

Chinanso choyenera kukumbukira nchakuti nyama ya kutchire ndi ndiwo, si nsima. Ya kalulu ilibe mafuta, ndipo munthu wodya iyo yokha masiku ambiri amafooka ngakhale mimba ili yodzaza. Ndalama zogulira mfuti, zipolopolo ndi ziphaso zikhoza kugula matumba a chimanga pa nthawi yokolola, pamene mtengo uli pansi, kapena mbuzi ndi nkhuku zimene zimaswana pakhomo.

Tsono kwa iye amene wawerengera zonsezi naona kuti mfuti aifunabe, njira yake ili poyera. Ayambe wapita ku Polisi ndi ku ofesi ya za nyama, sitolo ikhale yomalizira. Ngati asaka ku mtunda, atenge .22 yolowa chipolopolo chimodzi, yosavuta kutsuka ndi kukonza. Ngati ali wa ku dambo, atenge chifefe cha mpope umodzi, nalemekeze miyezi imene magulu a osaka anaika. Pofika kunyumba aichotse chipolopolo, aitsekere pamene mwana sangafike, ndipo zipolopolo azisunge pa malo ena.